Chitetezo cha m'dera kuno ku Mangochi: poyambira pake ndi mmene mungachiyendetsere

Kuno ku Mangochi ikangofika October kutentha kuja kwayamba, nkhani za kuba nazo zimachuluka, chifukwa anthu timagona mawindo ali pululu, ena pakhonde penipeni, nde m'mawa umangomva kuti kwa Che Uje awedza foni pawindo, uku atenga batire ya sola, uko njinga yamoto yapita. Mvula ikayamba zimangosintha mtundu, akuba amadikira chimvula chausiku chija chosokosa pamalata nkumathyola chitseko kapena kuboola khoma inu muli mtulo osamva kanthu. Chomwe ndikufuna tigwirizane poyamba ndi ichi: akuba ambiri sachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe ayi, ndi anthu oti akudziwa kuti bambo a nyumba iyi ali ku Joni, mayi amalawirira kumsika tsiku lililonse, ndipo galu wa pamenepo anafa. Olo wakubayo achokere kutali, pali wina wa m'dera momwemo amene wamulozera. Nde mpanda wautali ndi loko wodula zimathandiza inde, koma chimene chimamuopsa kwambiri munthu wotereyu ndi dera loti anthu ake amadziwana ndipo akamva wezulo amatuluka onse. Ndondomeko yake ndi iyi, kaya muli ku Mpondasi, ku Namiasi, kwa Makawa, ku Monkey Bay kapena kumtunda ku Namwera.

Choyamba, dziwanani kaye

Musayambe ndi mudzi wonse, zimakanika. Yambani ndi nyumba zoyandikana nazo, kaya 10 kaya 15, zoti munthu akakuwa panyumba imodzi enawo atha kumva. Yendani khomo ndi khomo madzulo anthu ataweruka, awiri kapena atatu, ndipo pagululo pakhale mayi, chifukwa makomo ambiri kuno akuyendetsa ndi azimayi amuna awo ali ku Joni kapena kunyanja, ndipo mayi sangamasuke kuuza azibambo okhaokha kuti amagona yekha ndi ana. Tengani kope mulembe dzina la mwini khomo, nambala ya foni, anthu angati amagona pamenepo, ndani ali pa lendi ndipo landilodi wake ndi ndani. Kopelo lisamayendeyende, lizikhala ndi munthu mmodzi wodalirika, chifukwa zomwe zalembedwamo ndi zomwezo wakuba amafuna atadziwa.

Zikumveka zazing'ono koma m'malo ngati pa boma kapena pa Monkey Bay pomwe anthu a lendi amalowa ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, upeza anthu agundana makoma chaka chonse osadziwana mayina. Tsiku lina ngolo kapena Probox imaima pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo, anyamata nkumapakira matilesi, TV ndi firiji, maneba nkumangoyang'ana poganiza kuti eni ake akusamuka. Anthu odziwana sangaonerere zoterozo, wina amangoimba foni kuti achimwene, kodi mukusamuka osatitsanzika?

Mukatero pitani kwa a mfumu. Musawadumphe olo mutakhala ophunzira bwanji, msonkhano woitanitsa a mfumu anthu amabwera, ndipo mawa nkhani ikadzavuta ndi iwowo adzakuimireni. Apempheninso a Shehe ndi abusa alengeze kumzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi. Kuno tili osakanikirana Asilamu ndi Akhristu, komiti ikakhala ya mbali imodzi enawo amaiona ngati si yawo. Komanso kusakanikiranaku kuli ndi phindu lake, nthawi ya Ramadan ena akapita ku swala ya usiku Akhristu amayang'anira makomo, pa Khrisimasi ndi usiku wa chaka chatsopano Asilamu nkubweza.

Chachiwiri, pitani kupolisi musanayambe kulondera

Apa ndi pomwe magulu ambiri amaphonya, amangosonkhana anyamata zibonga m'manja nkuyamba kuimitsa anthu usiku. Ayi, sizimayenda choncho. Ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera inayamba mu 1997 m'dziko muno, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limaivomereza, nde mukapita kupolisi ya pa boma, ya Monkey Bay kapena ya Namwera funsani amene amaona za community policing. Mmene zimakhalira, pamudzi pamakhala Crime Prevention Committee, kwa a gulupu kumakhala Crime Prevention Panel, ndipo kwa a T/A, kaya a Mponda, a Nankumba, a Jalasi kaya a Chimwala, kumakhala Community Policing Forum. Mwina mudzi wanu komiti ilipo kale koma inangogona, kuidzutsa imeneyo nkwabwino kusiyana ndi kuyambitsa ina yopikisana nayo.

Chisankho chichitike pagulu, a mfumu ndi wapolisi ali pompo. Musankhe tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, ndipo mayina a onse olondera apite kupolisi. Pamatuluka nkhani yoti tiikemo uje poti anali wakuba nde amawadziwa anzake. Ine maganizo anga, munthu amene anasinthadi akhoza kuthandiza ndi nzeru ndipo musamunyoze, koma kope la mayina ndi ndandanda wa olondera asagwire. Chidakwa ayi, munthu waukali wokonda ndewu ayi, ndipo za zipani zisalowemo mpang'ono pomwe, zikangolowa theka la mudzi limachoka.

Chachitatu, ndalama, zipangizo ndi kalonderedwe

Gwirizanani ndalama ya pakhomo pamwezi yoti ngakhale mayi wogulitsa usipa wa pamulu akwanitse. Agogo okhala okha ndi odwala asamapereke koma azitetezedwa chimodzimodzi. Aliyense wopereka alembedwe ndipo asaine, pamsonkhano wa mwezi msungichuma awerenge poyera kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, malisiti awa. Magulu achitetezo ambiri amatha chifukwa cha ndalama zosaoneka mutu wake, anthu akangokayikira basi amasiya kusonkha, olondera nkugwa ulesi.

Zogula zake ndi matochi owala bwino otchaja, majekete onyezimira aja kuti muzidziwika patali, magambuti ndi marenikoti a dzinja, mayunitsi, ndi mawezulo okwanira khomo lililonse osati olondera okha. Zikwanje, mipeni ndi mikondo zitsale kunyumba. Munthu akanyamula chikwanje usiku tsiku lina adzachigwiritsa ntchito, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wosalakwa amene wakhapidwa.

Polondera musachepere anthu 4, ndipo musamayende njira imodzimodzi nthawi imodzimodzi, akuba amakuwerengani nkudziwa kuti mukadutsa pa mjigo 12 koloko ndiye kuti simubweranso mpaka 3. Nthawi yovuta kwambiri ndi kuyambira cha m'ma 1 mpaka cha m'ma 4 anthu tulo tili pakati, nde mphamvu zanu muziike pamenepo osati kuzungulira 9 koloko anthu akadali pakhonde kenako nkukagona. Ndandanda wa mawa adziwe olondera okha.

Tsono kumbukirani kuti kuno anthu amayenda usiku pa zifukwa zabwino. Asodzi akupita kapena kuchokera kunyanja, azimayi akulawirira kudoko kukapikula nsomba, ena akupita ku swala ya m'bandakucha, wina akuthamangira kuchipatala ndi wodwala. Mukakumana ndi munthu funsani mwaulemu, zikomo achimwene, ndife achitetezo a m'mudzi muno, mukulowera kuti usiku uno? Akayankha zomveka musiyeni apite, mwinanso mumuperekeze. Kumulipiritsa munthu, kumugwaditsa kapena kumulanda foni chifukwa choti wayenda usiku ndi kuba komweko. Kuyenda usiku si mlandu, mu 2017 khothi lalikulu linathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene inkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu ongopezeka akuyenda, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita geni yawo. Nde ngati apolisi sangamange munthu pa chifukwa chimenecho, inu a komiti simungathenso.

Za wezulo gwirizanani kuti kuliza kosalekeza ndiye kuti pavuta, aliyense wamva alize yake, ayatse nyali kapena tochi, azibambo atuluke awiriawiri osati mmodzimmodzi. Ana auzidwe kuti si choseweretsa. Gulupu ya WhatsApp ndi yabwino koma ikhale ya chitetezo chokha, malonda, ndale ndi mavidiyo zipite kwina, apo ayi anthu amaitseka mawu nde tsiku la vuto palibe amaona. Ndipo usiku imbani foni, osalemba, ambiri amazimitsa data pogona ndipo ena foni zawo ndi za mabatani. Musaponyemo chithunzi cha munthu nkumati wakuba uyu popanda umboni, chithunzi chikangotuluka simungachibwezenso.

Chachinayi, mukamugwira

Apa ndichedwepo chifukwa ndi pomwe miyoyo imatayikira. Lamulo limalola munthu wamba kugwira amene wamuona akupalamula mlandu ngati kuba kapena kuthyola nyumba, koma limanenanso kuti amupereke kupolisi mosachedwa. Nde chitani izi: mulandeni chida ngati ali nacho, mumangeni manja, mukhazikeni pansi, a komiti amuzungulire ndipo wina aimbe pompo kwa wapolisi amene mumagwira naye ntchito kapena pa 997. Chigulu chikayamba kukula musadikire, muchotseni pamsewu mukamulowetse m'nyumba kwa a mfumu, chifukwa pachigulu amayambitsa kumenya ndi munthu woti wangofika kumene sakudziwa nkomwe chachitika, wina nkubwera ndi teyala ndi petulo. Katundu amene mwamupeza naye mumujambule ndipo apite kupolisi ngati umboni, osangomubwezera mwini wake pompo. Mlembi alembe mayina a amene aona ndi maso.

Mkwiyo ndimaumvetsa. Munthu wasonkha ndalama zaka kuti agule injini kapena njinga, wina nkungotenga usiku umodzi, ndipo anthu amati tikapita naye kupolisi mawa timuona akuyenda pamsika. Koma tamvetsani mmene zimayendera. Malamulo a dziko amati munthu womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo, belo ya kupolisi ndi yaulere. Kutuluka pa belo si kutha kwa mlandu ayi, tsiku lakukhothi likadalipo. Chimene chimagwetsa milandu yambiri ndi ife tomwe, tsiku likafika wodandaula wapita kunyanja, mboni ikuti ilibe thiransipoti, ina ikuopa achibale a wakubayo, nde woweruza amanga munthu ndi umboni uti? Pa ndalama za komiti muzipatula ya thiransipoti ya mboni, ndipo muzipita angapo kuti wina asaopsezedwe payekha.

Kumenya munthu mpaka kufa ndi mlandu wakupha, olo atakhala kuti anabadi mbuzi. Ndipo chigulu chimalakwitsa, tonse tikukumbuka 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Chimodzimodzi agogo athu onamiziridwa ufiti, komiti yachitetezo ikhale yoyamba kuwatchinjiriza, ndipo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo lomwe lilipo kuyambira 1911.

Mfundo ina yoti muikambe pamsonkhano uliwonse ndi ya ogula. Foni yodula akukugulitsa mtengo wa nkhuku, yopanda katoni yopanda lisiti, ukudziwa bwinobwino komwe yachokera. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha, ndipo dera lomwe anthu amakana kugula zotere akuba amasowa kopita nazo.

Tsopano khomo lanu

Usiku wina tulukani panja ndi tochi, zungulirani nyumba yanu mukusuzumira pawindo lililonse mmene angachitire wakuba, muona zambiri. Owedza aja amabwera ndi nsungwi yaitali kunsonga atamangirira waya wopinda, amang'amba gozi ndi lezala pakona, nkukankha katani pang'onopang'ono, foni yanu ili pa tchaja pampando pafupi ndi windo kanyali kake kakuphethira, thalauza mwaikoleka pamsomali chikwama ndi makiyi zili m'thumba, amakoka chimodzichimodzi inu mukuliza mkonono potero. Nde chilichonse chofunika chikhale kutali ndi windo mamita awiri kapena kuposa, kapena pansi pa pilo mkati mwa neti. Kutentha kwa kuno sitingauze munthu kuti atseke mawindo onse, koma zitsulo za pawindo zikhale zowotcherera bwino ndipo mipata yake ikhale yoti mutu wa mwana sungalowe, chifukwa ena amalowetsa kamwana kuti kakatsegule chitseko. Windo limodzi lakuchipinda zitsulo zake zikhale zotsegula ndi loko, kiyi ali pafupi, kuti moto utabuka mupeze potulukira.

Chitseko, loko wodula pa felemu yodyedwa ndi chiswe ndi kutaya ndalama, amangokankha ndi phewa. Konzani felemu kaye, kenako ikani mpiringidzo wachitsulo wopingasa mkati, makamaka chitseko chakumbuyo chomwe ambiri timachinyalanyaza. Mukalowa nyumba ya lendi sinthani loko tsiku lomwelo, simukudziwa makiyi akale ali ndi anthu angati. Kiyi pansi pa mwala, mu mphika wa maluwa kapena pamwamba pa chitseko, malo onsewo ndi oyamba kufufuzidwa, bola kusiyira neba amene mumamukhulupirira. Khasu, nkhwangwa, chitsulo ndi makwerero zilowe m'nyumba madzulo, akuba ambiri amathyolera zida zomwe azipeza pakhomo pomwepo. Nyumba ya zidina dzinja khoma limafewa m'munsi, nde imateni bwino mvula isanayambe ndipo lambulani tchire lozungulira, chimanga chisafike mpaka pawindo.

Sola ikhale mu felemu yachitsulo yowotcherera kudenga, batire ili mkati, ndipo zonse muzilembe dzina ndi penti kapena kukanda ndi msomali malo obisika. Babu ya panja ya sola yoyaka yokha ndi yothandiza poti magetsi amathimathima.

Masiku oopsa ena ndi omwe mudzi wonse umachoka nthawi imodzi, maliro, ukwati, sadaka, Eid, ndi tsiku lomwe anyamata akutuluka ku ndagala (kuchinamwali cha jando). Aliyense amadziwa kuti makomo ali okha. Komiti isankhe anthu awiri atatu otsala, mosinthana kuti pasakhale wodandaula.

A ku Joni inu ndi mabanja anu, katundu akafika musamuonetsere. Makatoni a TV ndi firiji musataye kudzala pomwe aliyense aone, ndipo kuika pa status kapena pa Facebook kuti zafika nkudziitanira mavuto. Tsiku lokatenga ndalama ku Mukuru lisadziwike ndi mudzi wonse, chimodzimodzi a geni ya nsomba musagone ndi ndalama zambiri m'nyumba, ikani kubanki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Palinso oimba foni aja oti ndine dalaivala, ndanyamula katundu wanu kuchokera ku Joni koma wagwidwa pa boda ya Mwanza nde tumizani ndalama mwachangu. Dulani foniyo, imbirani kaye m'bale wanuyo pa nambala yomwe mumaidziwa. PIN yanu musauze munthu aliyense olo anene kuti akuimba kuchokera kukampani.

Njinga zamoto, magalimoto, maboti ndi ziweto

Anyamata a kabaza ndi amene akuvulazidwa kwambiri, nde mverani. Tsiku lomwe mwagula njinga lembani nambala ya injini ndi ya chasisi, jambulani, sungani lisiti malo ena osati pansi pa mpando wa njingayo, ndipo kailembetseni ku Road Traffic. Ife tili pafupi ndi malire, pa Chiponde ukangodutsa wafika ku Mandimba, ndipo mbali ya Katuli ndi Makanjira njira zolowera ku Mozambique ndi zambiri, njinga yopanda mapepala ikawoloka olo itapezeka mulibe choonetsa kuti ndi yanu. Kukada musanyamule anthu awiri osawadziwa. Chenjerani ndi kasitomala wovomera mtengo uliwonse osanenerera, wosintha kopita muli m'njira, kapena woti taimani apa ndiimbe foni pamalo a tchire. Musananyamuke uzani anzanu a pasiteji komwe mukupita, iye akumva, wa zolinga zoipa amasintha maganizo pomwepo. Ndipo akakupanikizani siyani njingayo muthawe, osalimbana ndi anthu a zikwanje. Usiku njinga izigona m'nyumba itamangidwa tcheni, makaniko akhozanso kukuikirani swichi yobisika yoti munthu wina asailize.

Galimoto ambiri samaba yonse, amachotsa batire, magalasi a m'mbali, teyala ya sipeya ndi wailesi, mafuta akasowa amapopanso mu thanki. Wowotcherera akupangireni kachitsulo kotsekera batire ndi loko, magalasi alembedwe nambala ya galimoto. Chikwama ndi laputopu zisaonekere pampando mukaima pamsika kapena kugombe, ndipo mukakhoma ndi rimoti yesani chitseko ndi dzanja. Pobwera usiku imbiranitu kunyumba kuti geti mulipeze lotsegula, malo oima kudikira geti ndi omwe anthu amagwidwira.

Eni maboti, injini isagone kudoko popanda mlonda wodziwika, nambala yake ilembedwe, ndipo a Beach Village Committee akhale pamodzi ndi komiti yachitetezo chifukwa iwo ndi amene amadziwa asodzi achilendo amene afika. Mbuzi ndi ng'ombe ziikidwe chizindikiro, khola likhale pafupi ndi pogona, ndipo wogulitsa chiweto aonetse kalata ya a mfumu ake.

Ana

Katundu amagulidwa wina koma mwana ayi, nde gawo ili musalidumphe. Yambani ndi kudziwa tsiku la mwana wanu, amadutsa njira iti popita kusukulu, ku madrasa amaweruka nthawi yanji, amasewera kwa ndani. Ana aziyenda m'magulu, wamkulu aziyang'anira ang'ono, ndipo pakhale nthawi yodziwika yoti aliyense akhale ali pakhomo, dzuwa likamalowa basi. Aloweze pamtima nambala ya foni ya mayi kapena bambo ndi dzina la a mfumu awo. Kutuma mwana kugolosale usiku, kapena kumupatsa beseni la mandasi kuti akagulitse kumalo omwera mowa, ku vidiyo sho kapena kudoko kutada, ndikudziwa kuti ndi umphawi umatichititsa koma kumeneko ndi komwe ana athu akuonongekera.

Chowawa nchakuti ogwiririra ana ambiri si achilendo. Amakhala amalume, bambo omupeza, neba, wa kabaza amene amamunyamula ulere, msodzi amene amamupatsa nsomba tsiku ndi tsiku. Mwana akabwera ndi ndalama, foni kapena nsomba zoti simunamupatse ndinu, funsani modekha kuti wazitenga kuti. Akayamba kukana kupita kwa munthu wina wake, kapena wasintha wangokhala duu, musamukalipire, khalani naye pansi. Muuzeni akadali wamng'ono, mtsikana ndi mnyamata yemwe, kuti palibe wololedwa kumugwira malo obisika ndipo wamkulu akamuuza kuti usakanene kunyumba, chimenecho ndiye choyenera kunena msanga. Akakuuzani mukhulupirireni.

Zikachitika, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo musanamusambitse ndipo zovala musachape, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Kanenani ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere, mwana yemwe akhoza kuimba. Nkhani imeneyi si yokambirana pachibale kapena kulipitsana mbuzi kwa a mfumu, mukabisa kuti banja lisachite manyazi munthuyo amapita kwa mwana wina. Kuyambira 2017 malamulo a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, nde kukwatiwitsa mtsikana wa zaka 15 kwa munthu poti wabwera ndi katundu kuchokera ku Joni ndi mlandu, komiti isayang'ane kumbali.

Palinso obwera ndi malonjezo a ntchito, akuti mwana akagwire kumunda ku Mozambique, akawete ng'ombe, kapena mtsikana akagwire m'nyumba kunja, tinamva mmene azimayi a ku Malawi anazunzikira ku Oman atapita mwa njira yomweyi. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015. Munthu wofuna kutenga mwana mwachinsinsi, wokana kuonekera kwa a mfumu, woti mapepala tikakonza konko, ameneyo mukamunene. Ana achialubino nawo, chiyambireni kuphedwa ndi kubedwa kwawo cha m'ma 2014, komiti iliyonse iyenera kudziwa makomo omwe ali, kuwaperekeza kusukulu, ndipo ngati pali khomo loyamba kulikonzera chitseko ndi ndalama za komiti likhale limenelo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukamuona ali ndi munthu wosamudziwa funsa, olo makolo ake musakulankhulana.

Madzi nawo ndi chitetezo. Mu Shire, ku Malombe ndi kunyanja kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo ana amamira malo omwe amasamba tsiku lililonse. Asapite okha, makamaka m'mamawa ndi madzulo, ndipo dzinja madzi akakwera malo osambira akale musawakhulupirire.

Mwana akasowa musadikire kuti kuche. Lizani wezulo, gawanani njira, ena kudoko, ena kumasiteji a kabaza ndi a minibasi, ena kwa anzake, pemphani alengeze pa chimkuzamawu cha kumzikiti, ndipo wina apite kupolisi nthawi yomweyo. Mufoni mwanu muzikhala chithunzi chake chaposachedwa.

Akakuberani

Musagwiregwire pomwe athyolapo ndipo anthu obwera kudzazonda asapondeponde mapazi, itanani a komiti ndi apolisi aone kaye. Lembani zonse zasowa ndi manambala ake. Pa foni, lero lomwe imbani *#06# ituluka nambala ya IMEI, ilembeni m'kope kunyumba, ndi imene apolisi adzakufunseni foniyo ikadzabedwa. Katseketseni SIM msanga ndalama za mufoni zisanatapidwe, ndipo uzani abale kuti wina akawapempha ndalama pa nambala yanu asatumize. Kupolisi funsani dzina ndi nambala ya foni ya amene akufufuza nkhani yanu kuti muzitha kutsatira. Kanenani olo chabedwa ndi chaching'ono, nkhuku kapena ndowa, chifukwa apolisi amatumiza anthu komwe madandaulo akuchokera.

Mlembi wa komiti naye alembe nkhani iliyonse, tsiku, nthawi, khomo liti, analowera pati, anatenga chiyani. Pakatha miyezi ingapo kopelo limayamba kuonetsa lokha kuti kuba kukuchitika kwambiri mbali ya kumjigo, kapena usiku wa tsiku la msika, kapena magetsi akazima. Sinthani ndandanda wa olondera potengera zimenezo, ndipo kopelo muzipita nalo kumsonkhano wa kwa a gulupu ndi kwa wapolisi wanu wa community policing kuti midzi yoyandikana nayo ifananitse ndi zawo.